Ndowe za Afisi Zimene Ndinatentha

Khalani pansi ana inu, manja azigwira ntchito makutu akumva, chifukwa fodyayu sadzisankha yekha. Masamba ong'ambika muziika padera, musandisakanizire ngati chaka chatha. Iwe Mphatso, mkazi wanga wamng'ono, sendera kuno. Nkhani ya lero mwini wake ndiwe, enawa angodyera nawo.

Amayi ako anabwera dzulo nkhope ili yakugwa. Akuti wamaliza digiri yako bwinobwino, koma m'malo mosaka ntchito ya mu ofesi, waona pa foni kuti kukufunika ophunzira oti akakhale kutchire miyezi ingapo, azikatsata njovu zimene zimathyola mpanda n'kukadya chimanga cha anthu. Akuti unalembera kale ndipo akutenga. Ndiye andituma kuti ndikuletse, poti iwe umamvera ine. Ndawauza kuti ndamva. Kumva si kuvomera, koma zimenezo sindinawauze.

Ndisanakuyankhe, ndikufuna mudziwe zimene ndinamuchita Tamanda, mzime wanga, amayi anu aang'ono aja amene amabwera pa galimoto yodzaza matope atavala nsapato zonga za msilikali. Inu mumawadziwa ngati munthu wansangala wobweretsa mabisiketi. Simudziwa kuti pali chaka chathunthu cha moyo wawo chimene ine ndinachitentha ndi manja angawa, kuseri kwa chigafa chomwe takhalamochi.

Kuti mumvetse, tiyambire ku Nambuma kumene ndinabadwira. Masiku ano mukaima pachulu mumaona fodya ndi chimanga mpaka kumene maso alekezera, mitengo yatsala kumanda kokha. Kale sikunali choncho. Ukangodutsa minda unkalowa m'thengo la misuku ndi miwanga. Nguluwe zinkafukula mtedza munda wonse, anyani ankabwera masanasana ngati alendo oitanidwa. Udzu ukauma tinkapita ku uzimba, amuna a midzi itatu kapena inayi, ndi mauta, mikondo, zibonga ndi agalu owonda. Atate anga anali ndi mfuti ya gogodela yomwe inkaopseza mwini wake kuposa nyama. Akaiomba, gwape ankathawa ali bwinobwino, iwo n'kutsala akusisita phewa sabata yonse. Nyama tinkaiwamba n'kuisunga mpaka dzinja. Inu a soseji simungadziwe kukoma kwa nguluwe yowamba yotendera, ndipo sinditaya nthawi kukufotokozerani.

Nyama zonsezo tinkalimbana nazo popanda chidani. Fisi yekha ndiye anali wina. Chaka china, ndevu zitangoyamba kundimera, fisi anatha mbuzi zathu zitatu. Tinakumba mbuna panjira yake, n'kuphimba ndi timitengo ndi udzu, pamwamba n'kuikapo matumbo a mbuzi. Anagweramo, tinamubaya ndi mikondo, n'kumukokera kumphepete kwa dambo poti fisi sadyedwa. M'mawa mwake ndinapita kukamuonanso. Mchira panalibe, mphuno atadula, zikhadabo atazula. Ndinathamangira kwa atate kukafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Anandigwira khutu ili, lakumanzereli, n'kulipotokola.

"Za fisi satola munthu wabwino," anatero. "Ukadzaona wina akutola, usadzadye naye mbale imodzi."

Anandiuza kuti mchirawo amafukiza akuba kuti eni nyumba agone ngati akufa, ndipo zotsalazo ndi za afiti. Pambuyo pake ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa, mpaka ndinakhala mkulu wa mpingo. Pakamwa ndinkanena kuti zonsezo ndinazisiya ku Nambuma. Koma mawu olowera pa khutu lopotokoledwa satuluka msanga.

Kuno kwa Kabudula ndinabwera ngati mkamwini, wapansi, khasu paphewa, bulangete lomanga ndi luzi. Kabaza kunalibe nthawi imeneyo. Inu mukatumidwa pa golosale pomwepa mumafuna njinga yamoto, ife tinkadzuka nkhuku zikutsika n'kufika dzuwa lili pamutu, chakudya cha panjira chili mbatata yootcha. Agogo anu Anaphiri ndinawapeza ali mtsikana wamakani, wodziwa kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo basi, chifukwa amalume awo anawatulutsa sukulu ali Sitandade 3 kuti akalere ana. Chilonda chimenecho sichinapole. Ana athu onse ankawathamangitsira kusukulu ndi mthiko m'manja. Amayi ako, Mphatso, mthiko umenewo amaudziwa bwino, ukawafunse.

Tamanda yekha ndiye sankadikira mthiko. Popita ku sekondale ndinkamunyamulira bokosi lake lachitsulo pa njinga mpaka ku Msundwe kukakwera basi, iye akuyenda pambuyo buku lili m'manja. Anapita mpaka ku yunivesite kukaphunzira za nyama, ife n'kumauza anthu kuti tikhala ndi dokotala wa ng'ombe m'banja. Tsiku lolandira digiri yoyambayo linagundana ndi maliro a alongo awo a Anaphiri, ndiye sitinapite. Anaphiri anangoona chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mkanjo wa pachithunzi sauwerengera, akufuna adzauone ndi maso, mwana akuyenda nawo.

Mwayi unabwera wofanana ndi wakowu. Kunkafunika omaliza digiri oti achite kafukufuku wa digiri yachiwiri pa nyama zimene zimalimbana ndi anthu m'midzi. Tamanda anasankhidwa, ndipo anapempha kuti akachitire kwawo. Anafika mu Juni ndi makatoni, timakamera tomangirira pamitengo ndi magolovesi. Ndinapha tambala. Ndikudya pakhonde, iye atagwada pambali ndi madzi osamba m'manja, ndinamufunsa kuti kodi ayambira ng'ombe za ndani.

"Si ng'ombe, ababa. Ndi afisi."

Fupa linatsala pang'ono kundiima pakhosi. Iye anapitiriza modekha. Anati afisi akutha mbuzi, anthu akuwathirira chiphe, chiphecho n'kumapha agalu ndi zina zosalakwa, koma palibe amene akudziwa chenicheni chimene afisiwo amadya, amadutsa pati, ndi makola otani amene amalowa. Ndinafunsa kuti nanga adziwa bwanji, awafunsa afisiwo kodi? Anati ayi, azitola ndowe zawo mwezi ndi mwezi chilimwe chonse, chifukwa m'ndowemo mumatsala ubweya ndi tizidutswa ta mafupa a chimene fisi wadya.

Ana inu, ine ndinaonapo matalala akutha fodya munda wonse sabata yoti ndiyambe kuthyola, koma zimenezo zinali zochepa poyerekeza ndi mawu a tsiku limenelo. Ulendo wonse uja wa ku Msundwe, mthiko wa Anaphiri, mapemphero onse aja, kuti mapeto ake mwana adzatole ndowe za fisi? Ndinasamba m'manja tambala asanathe n'kubwera muno m'chigafa.

Tamanda anachita zinthu mwadongosolo. Anapita kwa amfumu, amfumu anaitanitsa msonkhano kuti afotokozere mudzi ntchito yake. Ine sindinapite. Ndinati mutu ukundiwawa, n'kuzembera kudimba. Anaphiri anapita, ndipo pobwera anafuna kundifotokozera, koma ndinawadula pakamwa kuti nkhani za afisi m'nyumba mwanga ayi. Iwo anangoti, "Chabwino, a Mbewe," chabwino uja amene amuna okwatira amamudziwa. Pamenepo mupasunge, chifukwa ndi pamene ndinadzikumbira mbuna.

M'mawa uliwonse Tamanda ankanyamuka ndi chikwama kumsana. Ankatsata dambo, n'kukwera kaphiri kamiyala kaja, n'kutsikira m'mphepete mwa manda, chifukwa afisi masiku ano atsala ndi kuti kobisala kupatula komweko? M'mandamo sankalowa, anagwirizana ndi eni ake, koma woonera patali sadziwa malire. Amangoona mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo atawerama pafupi ndi manda, akutola kanthu n'kuika m'thumba.

Tsiku lina la msika ndinapita ku Nsaru kukawotcheretsa njinga, n'kulowa mu tiyirumu podikira. Munali amuna angapo ondidziwa. Mmodzi anakweza mawu.

"A Mbewe, tamva kuti kwanu mwayamba kuweta afisi. Akaswana mudzatigawireko kamwana, eti?"

Anaseka onse, inenso ndinaseka nawo, koma tiyi ndinamusiya osamaliza. Nthabwala yotere imayamba ndi kuseka, imathera pa kugenda nyumba. Ndinaonapo nkhalamba zikusamutsidwa m'midzi chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ndipo musaiwale kuti ine pano ndine mkamwini. Ngakhale imvi zadzaza mutu, nthaka iyi si yanga. Lamulungu la Mgonero ndinkanyamula chikho ndikuopa kuti wina akana kulandira kwa ine.

Anaphiri analibe nazo ntchito zonsezo. Iwo mtima unali ku mwambo wolandira digiri, umene Tamanda ananena kuti udzachitika kumapeto kwa chaka chotsatira. Anagula nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu n'kukasoketsa diresi kwa telala ku Nsaru, ndi mpango wake wa kumutu. Ndinawaseka kuti chaka n'chathunthu, njenjete zilidya. Anati asoketsa msanga poti thupi lawo salikhulupirira. Nthawi imeneyo n'kuti matenda othamanga magazi atawayamba kale. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankalitulutsa m'sutikesi, n'kuliyesa, n'kulibwezeramo.

Makatoni a Tamanda ankakhala muno, pathabwa ilo pafupi ndi jeke yodindira fodya, poti zinthuzo zinkafuna pouma. Anaphiri anandichenjeza kawiri konse kuti ndisawakhudze. Ndinamvera mpaka mu Okutobala. Linali Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo, Tamanda atapita ku Lilongwe kukaonana ndi aphunzitsi ake, Anaphiri ali ku mapemphero a amayi. Ndinalowa kudzatenga chingwe. Sindikunamizani kuti katoni inatseguka yokha. Ndinaitsegula ine.

Munali maenvulopu a khaki, ondandalikidwa bwino ngati mabuku a nyimbo. Ndinasolola imodzi. Panali tsiku, manambala ena, kenako dzina: Kachingwe. A Kachingwe anali bwenzi langa la ponda apa nane m'pondepo, mkulu wa mpingo mnzanga, ndipo masabata amenewo akazi awo anali chigonere, miyendo itatupa. Ndinatsegula envulopuyo. Munali ndowe youma, yotuwa mbuu, ubweya ukuonekera. Ndinasolola ina, panali dzina la mayi wamasiye wa kutsidya. Ina, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu. Ina, abusa athu enieniwo.

Taganizani ana inu. Ndowe ya fisi, yotoledwa kumanda, yokulungidwa, pamwamba atalembapo dzina la munthu. Kwathu ku Nambuma zimenezo zinali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ndinakhala pansi pomwe wakhala iwepo. Sindinaganize kuti Tamanda ndi mfiti, ayi. Ndinaganiza kuti anthu a kusukuluko amupusitsa, akumugwiritsa ntchito iye osadziwa. Ndinaganizanso kuti akazi a Kachingwe akangomwalira, wina n'kuona envulopu imeneyi, mwana wanga sadzatuluka m'mudzi uno wamoyo. Ndinagwada n'kupemphera. Inde, ndinapemphera, ndipo ndinadzuka ndili wotsimikiza. Ndinanyamula makatoni onse awiri kupita nawo kuseri uko, ndinaunjika mapesi, ndinathira parafini. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsiku limenelo mkulu ndi amene anayatsa machesi.

Woyamba kufika anali Anaphiri, atavala bulauzi yoyera ya ku mapemphero. Fungo la ubweya wopserera linawachingamira kumsewu. Anayang'ana phulusa, anasuzumira pathabwa, kenako anakhala pansi pafumbi osasamala za bulauziyo. Ndinayamba kufotokoza za mainawo, monyadira ndithu ngati munthu wopha njoka m'nyumba. Anandisiya ndimalize. Kenako anandiuza zimene ndinakana kumva miyezi inayi yapitayo. Pamsonkhano paja aliyense amene fisi anamugwirira mbuzi analembetsa dzina mwa kufuna kwake. Tamanda ankalemba dzina la mwini khola loyandikana ndi pamene watola ndowe, kuti asasokoneze malo. Ndipo a Kachingwe ndi amene anamutsogolera tsiku loyamba, ndodo ili m'manja. Mudzi wonse unkadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, bambo wake.

"A Mbewe," anatero, "mwatentha chaka cha mwana."

Tamanda anafika dzuwa litapendeka, pa kabaza. Ndinkayembekeza kuti akuwa, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anapita kuseri, anagwada paphulusa n'kuyamba kufukula ndi zala. Anapeza kangodya ka envulopu kosapsa, kali ndi manambala awiri. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Ababa, bwanji simunandifunse?"

Timati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinali ine, phula anadya ndi mwana. Kangodya kaja anakasiya pathabwa, ine ndinakatola.

M'mawa mwake a Kachingwe anabwera akumwetulira, kudzanena kuti akazi awo apezako bwino ndi mankhwala a kuchipatala, ndiponso kudzafunsa ngati zotsatira za khola lawo zatuluka. Anaphiri ndi amene anayankha kuti ntchito yakula, ipitirira chaka chamawa. Sananame, koma anandiveka. Kuyambira pamenepo mayi ndi mwana sanauze munthu aliyense. Anandisungira ulemu umene sunandiyenere.

Pasanathe masabata awiri mvula inagwa n'kutsuka ndowe zonse m'tchire. Aphunzitsi ake anamumvera chisoni, koma anati kafukufukuyo amafuna chilimwe chathunthu, mwezi uliwonse ndi ndowe zake, ndipo zimene zinapsa sangazilembe za m'mutu. Anamulola kuyambiranso chaka chotsatira. Madzi akatayika saoleka.

Dzinja lonse Tamanda anali kutauni. Ankaimba foni kwa amayi ake, ine ankangondipatsa moni wa alendo. Juni atakwana anabweranso ndi makatoni atsopano. M'mawa woyamba anandipeza pakhomo nditavala jekete lakale ndi majombo. Ndinamuuza kuti akudzitopetsa kutsata dambo lonse. Afisi sachita chimbudzi paliponse ngati agalu, ali ndi malo awo, pamphambano pa tinjira tawo ndi pamiyala yosalala, ndipo malo otero ine ndinaphunzira kuwapeza iye asanabadwe. Anatulutsa magolovesi m'chikwama n'kundipatsa. Kukhululuka kwake kunali kumeneko, sanawonjezere mawu.

Usaseke iwe wa uko, unandiona liti nditavala magolovesi? Ankandithina, zala zikutuluka thukuta, koma ndinkavala. Mkulu wa mpingo, mwana wa munthu uja anapotokola khutu, ndinkawerama pamphepete pa manda n'kumatola za fisi dzuwa likuwala, Tamanda akulemba dzina pa envulopu. Ulendo uno sankaunjika muno. Mwezi ukatha ankanyamula zonse kupita nazo kusukulu. Sindinafunse chifukwa.

Chilimwe chimenecho ndinaphunzira zambiri kuposa zaka zonse za uzimba. Ife tinkadziwa nyama poona mapazi ake ndi mtembo wake, za pakatipo tinkangoganizira. Tsopano ndinaona pa kamera fisi atanyamula kamwana kake pakamwa mosamala ngati mphaka. Ndinaona wina akudutsa kuseri kwa tchalitchi chathu, wina akununkhiza khola langa lomwe. Tamanda anandiuza kuti kwa afisi wolamula ndi wamkazi. Ndinati zimenezo si zachilendo, pakhomo panonso n'chimodzimodzi, Anaphiri n'kundiponyera chitsononkho. Anandionetsanso mmene amaviikira ndowe m'madzi, n'kusefa, n'kupatula zotsalazo: ubweya uwu wa mbuzi, uwu wa galu, uwu wa nkhumba, nthenga za nkhuku, ngakhale tizidutswa ta majumbo.

Masana tinkayenda khomo ndi khomo, iye akufunsa mafunso, ine ndikupatsa moni kuti anthu amasuke. Mayi wamasiye wa kutsidya uja, amene dzina lake ndinalitentha, anatiyalira mphasa n'kutiuza akulira mmene fisi anamuthera mbuzi zimene anamusiyira mwamuna wake. Pochoka anandithokoza kuti ndinalera mwana woganizira amphawi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Zinaoneka kuti afisi tinkawaitana ndi ife tomwe, potaya ziweto zakufa ndi zikopa kudambo. Akabwera ankalowa makola a mapesi ndi bango, koma a m'mwamba aja a mitengo yolimba ankangowazungulira. Makola a m'mwamba mukuwaona mbali inoyi anachuluka kuyambira pamenepo. Amuna a mu tiyirumu ku Nsaru anandifunsanso za kamwana ka fisi. Ndinawauza kuti ndowezo ndikutola ndine, ndi manja awa, amene akufuna abwere ndimubwereke magolovesi. Kuseka kunachepa.

Kumapeto kwa chaka chimenecho anzake a Tamanda, amene anayamba nawo limodzi, analandira madigiri awo. Zithunzi zinabwera pa foni. Anaphiri anapempha kuti aone. Anayang'ana mmodzimmodzi, akufunsa kuti uyu ndi mwana wa ndani, amayi ake ndi ati pamenepa. Kenako anatulutsa diresi lija, analisita ndi simbi ya makala, analipinda n'kulibwezera m'sutikesi. Anati chaka chamawa si kutali. Sananditonze, ngakhale ndi diso.

Anatisiya mu Febuluwale, chimanga chikumasula. Anagwa akuchokera kumunda, pofika kuchipatala n'kuti atapita kale. Iwe Mphatso ukukumbukira, unali usanapite ku sekondale. Sindikunena kuti ndinawapha ine. Matendawo anali nawo kale, ndipo tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu. Koma tsiku limodzi lokha limene anapempha pa moyo wawo wonse linalipo, linakwana iwo ali moyo, ali ndi mphamvu zokwera basi. Amene anawalanda ndine, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ku mwambo wa Tamanda ndinapita ndekha. Atamuitana dzina anayenda kupita kutsogolo, mkanjo wakuda ukukupiza, ndipo pansi pake ndinaona nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Sanalichepetse diresilo. Linali lalikulu m'mapewa, lalifupi m'miyendo. Anthu ankaomba m'manja, amayi a ana ena akuimba nthungululu, ine ndinaphimba nkhope ndi chipewa.

Titatuluka anandikhazika pamthunzi n'kutsegula buku lake la kafukufuku, lochindikala ngati Baibulo la paguwa. Ankawerenga Chingerezi n'kumandimasulira. Tsamba loyamba linali la amayi ake. Lachiwiri linali lothokoza anthu, ndipo ine ndinalimo: bambo anga, amene anandisonyeza njira za afisi. Ndinamufunsa ngati za moto uja walembamonso.

"Ayi, ababa," anatero akutseka bukulo. "Zimenezo mudzanena nokha."

Papita zaka. Ndaima paguwa kangati, ndamva milandu ya anthu ena ku seshoni kangati, koma pakamwa panga sipanatseguke. Kangodya ka envulopu kaja kali m'Baibulo langa. Ena a inu munakaonapo n'kumayesa ndi kapepala kosungira tsamba.

Ndiye Mphatso, yankho langa ndi ili. Njovu ndimaziopa, sindikubisira, ndipo ukapita mtima wanga uzikhala m'mwamba. Koma kuimirira panjira ya mwana ndinaimirirapo kamodzi, zinandikwana. Pita. Usanapite, uwakhazike pansi amayi ako, uwaonetse chilichonse chimene uzikanyamula ndi chimene uzikalemba, ngakhale atseke makutu ngati mmene ndinachitira ine.

Tsopano siya fodyayo, ukawaitane. Uwauze abwere ndi mphasa, akhalitsa. Iwo mpaka lero amadziwa kuti Tamanda anachedwa chaka chifukwa ntchito inakula, ndipo amene anamwalira osaona mkanjo uja anali amayi awonso.